Woyimba Watsopano mu Lusaka Ayambire Pati: Situdiyo Yolipira, Chipinda Chake, Kampani Kapena Bandi?

Odziwa kuyimba mu Lusaka ndi ambiri kuposa malo amene alipo pa wayilesi. Ku Chawama, ku Matero, ku Kanyama ndi ku Mtendere, Loweruka masana makwaya amakhala akukonzekera za mawa lake, ndipo m'mafoni a achinyamata mwadzaza nyimbo zolembedwa theka zimene zikudikira tsiku lojambula. Luso lilipo lambiri. Amene amakhalitsa pa ntchitoyi amasiyana ndi amene amazimiririka pakangotha nyimbo ziwiri chifukwa cha njira imene analowera, makamaka pepala limene anasaina, kapena limene anachita manyazi kulipempha.

Ndalembera inu amene mumapeka nyimbo zanu n'kuziyimba nokha, kaya zachikondi, zovina kapena zolangiza, ndipo mwatsala pang'ono kutulutsa ndalama zanu zoyamba. Mitengo ya ku situdiyo sindiitchula chifukwa imasintha ndi dzina la munthu, dera ndiponso mphamvu ya kwacha. Chimene ndichite ndi kukuonetsani mafunso ofunsa musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena MoMo.

## Miyeso inayi

Ndifotokoza njira zisanu zolowera m'ntchito yoyimba, ndipo iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo ndi ndalama zotuluka m'thumba lero, kuphatikizapo zimene mukudzimana mawa posinthana ndi thandizo la lero. Kupezeka ndi funso loti munthu wa ku komboni wopanda malume wodziwika angaifike njirayo kapena ayi. Kusamalira ndi zimene muyenera kumachita mwezi ndi mwezi kuti njirayo isafe. Zoopsa ndi zimene zingakuwonongereni dzina, mawu kapena nyimbo zenizenizo.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kumvetsa kaye, apo ayi zonse zili m'munsimu zikhala zosamveka. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi katundu wa mitundu iwiri. Woyamba ndi mawu ndi maimbidwe, ndipo mwini wake ndi wopeka. Wachiwiri ndi chojambulidwa chenichenicho, chimene anthu a ntchitoyi amati master, ndipo kawirikawiri mwini wake ndi amene anakonza ndi kulipirira kujambulako, pokhapokha mutagwirizana zina. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza ntchito ya wopeka pa moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira. Bungwe la ZAMCOPS ndi limene limatolera ndalama kwa oulutsa ndi oseweretsa nyimbo pagulu m'malo mwa opeka amene analembetsa.

Zaka 50 zimamveka ngati nthano kwa munthu wa zaka 22. Koma taonani za Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia. Nyimbo za mabandi a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1970, kenaka zinakhala ngati zaiwalika. Patapita zaka zoposa 30 kampani ya ku America ya Now-Again inayamba kuzitulutsanso, Jagari Chanda, woyimba wa WITCH, anabwerera pa siteji m'mayiko akunja, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano. Nyimbo imatha kugona zaka zambiri n'kudzuka ili ndi ndalama. Ikadzuka, anthu amafunsa kuti mwini wake ndani, ndipo yankho limakhala pa pepala.

## Njira yoyamba: kulipira situdiyo nyimbo imodzi imodzi

Mtengo. Iyi ndi njira imene ambiri amayambira, ndipo mtengo umene mumauzidwa pa foni si umene mumathera kulipira. Funsani kuti m'ndalamazo muli chiyani: biti (zoimbira zimene mawu anu amakwerapo), kujambula mawu, mixing (kusakaniza bwino mawu ndi zoimbira), mastering (kusalaza komaliza nyimbo isanatuluke), ndiponso kuti mungapemphe kukonzedwa kangati musanawonjezere. Ena amatchula mtengo wotsika chifukwa ndi wa kujambula kokha. Funsaninso ngati bitiyo mwagula yonse kapena mwangobwereka. Biti yobwereka ndi yotchipa chifukwa pulodyusa ali ndi ufulu woibwereketsanso kwa wina. Si kuba ngati anakuuzani, koma muyenera kudziwa. Ndipo musaiwale kuti vidiyo yabwino nthawi zambiri imadya ndalama kuposa nyimboyo.

Kupezeka. Apa palibe vuto. Masitudiyo ali paliponse, kuyambira kachipinda ka kuseli kwa nyumba ku Garden mpaka nyumba zokonzedwa bwino za ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Vuto ndi kusankha. Musatengeke ndi magetsi amitundumitundu ndi mipando yachikopa. Pemphani nyimbo zitatu zimene pulodyusayo anapanga za oyimba a mawu ofanana ndi anu, muzimvetsere pa sipika ya foni ndi m'minibasi, chifukwa ndi mmene anthu a mu Lusaka adzazimvere. Ngati mawu a woyimba amira m'ng'oma pa foni yotchipa, pitani kwina.

Kusamalira. Nyimbo ikatha, musachoke ndi MP3 yokha yotumizidwa pa WhatsApp. Tengani WAV, fayilo yosapanikizidwa yomveka bwino kuposa MP3, tengani biti yopanda mawu yoti muziyimbira pa siteji, ndipo ngati n'kotheka tengani mbali zonse zolekanitsidwa, zimene amati stems. Zisungeni malo awiri. Kulemera kwa njirayi n'koti nyimbo iliyonse yatsopano imafuna ndalama zatsopano, pomwe omvera a masiku ano amaiwala msanga woyimba amene wakhala chete theka la chaka. Ngati malipiro anu angakwanitse nyimbo imodzi yokha pachaka, dziwani kuti mukuyenda pang'onopang'ono kwambiri.

Zoopsa. Choopsa chachikulu chimabwera nyimbo ikatchuka, osati ikakanika. Pulodyusa amene munamulipira bwinobwino angathe kunena kuti ali ndi gawo pa kupeka, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona, chifukwa amene anapanga maimbidwe a biti wapeka nawo. Mnzanu amene anangoponyapo mizere iwiri ya kolasi amakumbukiranso. Mankhwala ake ndi pepala limodzi lolembedwa tsiku lomwelo: dzina la nyimbo, mayina a onse amene anapeka, gawo la aliyense pa 100, ndi mawu oti master ndi ya ndani. Aliyense asaine, mulijambule pa foni. Achinyamata ambiri amaona ngati kupempha pepala ndi kusakhulupirira akuluakulu. Pulodyusa wodziwa ntchito sakwiya nazo. Amene wakwiya wakuuzani zonse zimene mumafuna kudziwa za iye.

Zina zazing'ono: kudikira miyezi chifukwa oyimba otchuka alowa patsogolo panu, laputopu ya pulodyusa kubedwa ili ndi nyimbo zanu zonse, ndi kumveka chimodzimodzi ndi ena onse ojambula pamalo amodziwo. Lipirani theka poyamba, theka polandira.

## Njira yachiwiri: situdiyo ya m'chipinda chanu

Mtengo. Zofunika zenizeni ndi zinayi: laputopu, kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta monga Focusrite Scarlett, maikolofoni, ndi mahedifoni otseka makutu. Zonsezi zimachokera kunja, choncho mtengo wake umatsatira dola. Mapulogalamu sayenera kukuopsani. Audacity ndi BandLab ndi aulere, chilolezo cha Reaper cha munthu payekha ndi madola 60, ndipo FL Studio, imene mapulodyusa ambiri amagwiritsa ntchito, ukaigula kamodzi zosintha zake zam'tsogolo zimakhala zaulere. Mapulogalamu obedwa amene anzanu angakuikireni amabwera ndi mavairasi, ndipo amakonda kufa pakati pa ntchito. Ndalama zambiri zimatuluka kamodzi, kenaka nyimbo yachisanu ndi yakhumi zimakhala ngati zaulere. Ubwino wa njirayi ndi umenewo.

Kupezeka. Zipangizo zimapezeka m'masitolo a m'tauni, ndipo zogwiritsidwapo kale zimagulitsidwa pa Facebook. Musalipire musanaziyese pa laputopu yanu. Chimene chimasowa ndi chipinda chabata. Nyumba ya malata nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, simungajambuliremo mvula ikayamba. Pali ana a aneba, agalu, sipika ya ku bawa, ndi tchalitchi cha pafupi chimene chili pa mapemphero a usiku wonse. Pa chifukwa chimenechi sindigwirizana ndi amene amauza aliyense kuti agule maikolofoni yomva kwambiri ya mtundu wa condenser. Imamvadi bwino, koma imamva ndi tambala wa nyumba yachitatu. M'chipinda chaphokoso, maikolofoni ya dynamic monga Shure SM58 ingakutumikireni bwino, ndipo mudzapita nayonso pa siteji. Mathireyi a mazira okhomedwa kukhoma amathandiza pang'ono kwambiri, amangoitana mphemvu. Mabulangete olemera, matiresi oimika kumbuyo kwanu ndi wadiropu yodzaza zovala zimagwira ntchito kuposa pamenepo.

Kusamalira. Aliyense amene anali mu Lusaka mu 2024 akukumbukira mmene chilala chinaphwetsera madzi a ku Kariba, magetsi n'kumazima nthawi yaitali kuposa imene ankayaka. Laputopu ya batire yabwino ndi kabokosi kotenga mphamvu ku USB zimakulolani kujambula magetsi atazima. Ngati mungakwanitse inveta kapena sola yaing'ono, muiike pa bajeti musanagule masipika okwera mtengo. Jenereta imayatsa magetsi koma phokoso lake limalowa m'nyimbo. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limawononga zipangizo zosaphimbidwa. Koma chodula kuposa zonse ndi nthawi. Kujambula mawu oyera mungaphunzire msanga. Mixing yabwino imatenga zaka, ndipo nthawi imeneyo ikuchoka pa kupeka ndi kuyeserera mawu.

Zoopsa. M'chipinda chanu mulibe khutu lachiwiri. Palibe wokuuzani kuti vesi yachiwiri ndi yofooka kapena kuti mwaphonya kiyi. Ena amatulutsa zosapsa, ena satulutsa kanthu chifukwa nyimbo siitha kukonzedwa. Alipo oyimba monga Roberto ndi Mag44 amene amadziwika ndi kuyimba komanso kupanga nyimbo, koma si aliyense ali ndi mitu iwiriyo. Ambiri amene anagula zipangizo kuti ajambule nyimbo zawo anathera kujambula anzawo pa ndalama zochepa, zawo zili m'kope. Njira yapakati imene ndimaikonda ndi iyi: jambulani mawu kunyumba, mobwerezabwereza mpaka mutakhutira, kenaka mulipire katswiri pa mixing ndi mastering basi.

Mbava nazonso zimadziwa mtengo wa laputopu. Musamaonetse chipinda chonse pa TikTok.

## Njira yachitatu: kusaina ndi kampani kapena ndi abwana a ndalama

Mbiri ya nyimbo za ku Zambia ikuonetsa kuti makampani amatha kukweza m'badwo wonse. M'zaka za m'ma 1970, pomwe Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wayilesi zikhale za m'dziko muno, Teal Records ndi Zambia Music Parlour a ku Ndola anatulutsa zimbale zambirimbiri. Chuma chitagwa, makaseti okopera atadzaza m'misika ndiponso matenda atatenga oyimba ambiri, ntchitoyi inazilala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Mondo Music inaidzutsanso ndi oyimba monga Daddy Zemus, Black Muntu, Shatel ndi JK. Pambuyo pake panabwera makampani a oyimba eni ake, monga XYZ ya Slapdee. Choncho sindikunena kuti kampani ndi mdani. Ndikunena kuti ndi bizinesi.

Mtengo. Lero simulipira kanthu, ndipo mwina mumalandira ndalama zoyambira, zovala ndi vidiyo yooneka bwino. Koma m'migwirizano yambiri ndalama zimenezo ndi ngongole imene imabwezedwa kuchokera pa gawo lanu, osati pa ndalama zonse. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zimveke. Kampani yawononga K100,000 pa inu, ndipo gawo lanu ndi 20 pa 100. Nyimbo zanu ziyenera kupeza K500,000 kuti gawo lanu likwane K100,000 ndi kutseka ngongoleyo. Kufikira pamenepo simuona ngwee, ngakhale nkhope yanu ili pa zikwangwani za mu Great East Road. Ndi chifukwa chake mumamva za oyimba otchuka amene akuvutika kulipira lendi. Walira mvula walira matope.

Kupezeka. Njirayi siisankhidwa ndi inu nokha. Makampani enieni ndi ochepa, ndipo amafuna munthu amene wayamba kale kukoka anthu payekha. Makampani akunja amatengako mmodzimmodzi, monga Def Jam Africa inatengera Cleo Ice Queen, koma amatenga amene ali kale ndi dzina. Opezeka mosavuta ndi abwana a bizinesi ina, a malole kapena a migodi, amene akonda mawu anu n'kunena kuti akuthandizani. Ena ndi a mtima wabwino ndithu. Koma ndalama zokha sizidziwa kufikitsa nyimbo ku Radio Phoenix, Hot FM, QFM, Komboni Radio kapena ZNBC. Funsani kuti anakwezapo ndani, ndipo mukacheze ndi woyimba amene anachokako, osati amene adakali komweko.

Kusamalira. Ntchito yanu ikhala kuwerenga. Musanasaine, pezani mayankho a izi m'pepalamo, osati pakamwa. Mgwirizano ndi wa zaka zingati kapena nyimbo zingati? Master ndi ya ndani, ndipo idzabwerera kwa inu liti? Kodi akutenganso gawo pa kupeka kwanu? Nanga pa ndalama za pa siteji ndi zotsatsa malonda? Dzina lanu la pa siteji ndi la ndani mukasiyana? Akaunti ya YouTube, Facebook ndi Spotify yatsegulidwa ndi imelo ya yani? Adzakuonetsani mabuku a ndalama kangati pachaka? Akakhala chaka osatulutsa nyimbo yanu, muli ndi ufulu wochoka? Tengani pepalalo kunyumba, mulionetse loya amene si wa kampaniyo. Mamembala akale a Zambia Association of Musicians angakuuzeninso zimene anaona. Amene akukukakamizani kusaina lero lomwe ali ndi chifukwa chake.

Zoopsa. Choopsa choposa kuberedwa ndi kuikidwa pa shelefu: mwasaina zaka zisanu, kampani yatembenukira kwa woyimba wina, inu simungatulutse nyimbo kwina. Zaka za unyamata wa mawu anu zikutha muli chete. Chachiwiri ndi ndale. Chisankho chikayandikira ndalama za nyimbo za kampeni zimayenda mofulumira, ndipo ngati abwana anu ali mbali ina, mudzapezeka mwavala malaya a chipani musanafunsidwe. Ndalamazo zimatha, koma omvera a mbali inayo amakumbukira.

Kwa alongo anga, pali chachitatu chimene aliyense amadziwa koma chimanenedwa monong'ona. Thandizo lina limabwera ndi ngongole imene siilembedwa. Zokambirana za ntchito zichitike masana, pa ofesi kapena pamalo a anthu, muli ndi achemwali, azakhali kapena manijala wanu. Munthu wofunadi mawu anu sadandaula kuti mwabwera ndi wina.

## Njira yachinayi: bandi, kwaya ndi siteji

Mtengo. Iyi ndi njira imene ingayambe kukulipirani msanga m'malo mokudyerani. Zotuluka ndi thiransipoti yopita kokayeserera, zovala, ndi nthawi zina lendi ya chipinda choyeserera. Wofuna maphunziro enieni a nyimbo angawapeze ku Evelyn Hone College, koma ambiri sukulu yawo inali kwaya ya ku mpingo wa RCZ, UCZ, Katolika kapena magulu oyimba popanda zida a ku Seventh-day Adventist, kumene munthu amaphunzira kugwira mawu ake pakati pa mawu ena atatu.

Kupezeka. Lusaka siitha maukwati, ma kitchen party, chilanga mulilo, maphwando a makampani, ndi mahotela ndi malo odyera ofuna bandi kumapeto kwa sabata. Woyimba wosunga nthawi, wodziwa nyimbo zambiri za Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi, kalindula ndi rumba yomwe, sasowa poyimba. Khomo lake ndi kuyimba kumbuyo kwa wina, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Kusamalira. Mawu ndi mnofu, amatopa. Kuyimba maola anayi mopikisana ndi masipika oipa, mu utsi ndi m'mphepo ya Juni, kenaka kudzuka kukatsogolera nyimbo kutchalitchi, kumawononga pakhosi mwakachetechete. Madzi, tulo ndi kukana ntchito zina ndi gawo la ntchitoyi. Pa ndalama, landirani dipoziti musananyamuke, ndipo gwirizanani kagawidwe ka bandi musanakwere siteji.

Zoopsa. Mungathe kukhala zaka khumi mukuyimba nyimbo za ena mokoma kwambiri, anthu n'kumakudziwani ngati mtsikana uja woyimba pa maukwati, dzina lanu osalidziwa. Ndalama za Loweruka lililonse zimagonetsa. Dziikireni lamulo loti pa siteji iliyonse mulowetsepo nyimbo yanu imodzi, muone ngati anthu akhala pansi kapena apitiriza kuvina. Palibe situdiyo ingakuuzeni zoona ngati azimayi a pa kitchen party. Palinso kuyenda usiku, olemba ntchito ozemba kulipira, ndi kukangana ndi akulu a mpingo tsiku limene mudzatulutse nyimbo yachikondi. Koma oyimba okulira pa siteji amakhalitsa. Amayenge akhala akuyimba zaka zoposa 40, mafashoni a nyimbo akubwera ndi kupita.

## Njira yachisanu: kupekera ena

Ambiri saiganizira. Mtengo wake ndi kope, foni yojambulira ndi gitala kapena kiyibodi ngati muli nayo. Imapezeka kudzera mwa mapulodyusa, chifukwa ndiwo amadziwa woyimba amene ali ndi mawu koma alibe nyimbo, komanso makampani ofuna tinyimbo totsatsa malonda pa wayilesi. Kuisamalira ndi kulemba kosalekeza ndi kulembetsa nyimbo iliyonse ku ZAMCOPS. Choopsa chake ndi chimodzi chachikulu: kugulitsa nyimbo yonse pa ndalama za tsiku limodzi, dzina lanu osalembedwa paliponse. Landirani ndalama za ntchito, koma gawo la wopeka musalitaye.

## Nyimbo ikatha, ifika bwanji kwa anthu

Izi zikukhudza njira zonse kupatula pamene kampani ikukuchitirani. Spotify inafika ku Zambia mu 2021, ndipo pali Boomplay, Audiomack, Apple Music ndi YouTube. Kuti nyimbo ilowe m'malo ambiri otere pamafunika kampani yogawa, monga DistroKid kapena CD Baby. DistroKid imalipiritsa chaka ndi chaka. CD Baby imalipiritsa kamodzi pa chotulutsa chilichonse n'kumatengako 9 pa 100 ya zopeza. Wotulutsa nyimbo pafupipafupi amapindula ndi yoyambayo, wotulutsa mwa apo ndi apo ndi yachiwiriyo. Musanalipire, fufuzani mmene ndalamazo zidzafikire ku akaunti yanu ya kuno. Akauntiyo ikhale m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya mnzanu wodziwa makompyuta.

Musayembekezere zambiri poyamba. Kuyambira 2024, nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 siipeza kanthu pa Spotify, ndipo omvera ambiri a kuno amalandira nyimbo pa WhatsApp kapena kuzitsitsa mwaulere. Intaneti imabweretsa dzina, siteji imabweretsa ndalama. Pamene Yo Maps anadzaza National Heroes Stadium mu 2023, anaonetsa kuti anthu a mu Lusaka amalipira tikiti ya woyimba wa kwawo.

Ndipo inu oyimba m'Chinyanja muli ndi mwayi umene ena alibe. Nyimbo yanu imamveka ku Chipata, ku Katete, ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Tete popanda womasulira. Potumiza nyimbo ku mawayilesi, musaiwale Breeze FM ya ku Chipata ndi mawayilesi a ku Malawi.

## Njira iti kwa yani

Ngati muli pa ntchito ya malipiro a pamwezi, nthawi ili yochepa koma ndalama zimabwera ndithu, lipirani situdiyo. Sankhani pulodyusa mmodzi womvetsa mawu anu, mugwirizane mtengo wa nyimbo zitatu kapena zinayi pamodzi, ndipo pepala la magawo lisainidwe nyimbo iliyonse isanatuluke pakhomo.

Ngati ndinu wophunzira ku UNZA kapena mwangomaliza Giredi 12, nthawi ili yambiri koma ndalama palibe, ndipo mumapeka nyimbo sabata iliyonse, sonkhanitsani za zipangizo zazing'ono. Yambani ndi BandLab pa foni kuti muone ngati mtima wa ntchito yokhala pansi muli nawo musanagule kanthu. Mukakhala m'nyumba yaphokoso kwambiri, gwirizanani ndi anzanu awiri mubwereke chipinda chimodzi chabata, koma mulembe kuti chipangizo chilichonse ndi cha yani.

Ngati mawu anu ndi amphamvu koma simunaimepo pamaso pa anthu osakudziwani, kapena muli ndi ana ofuna chakudya mwezi uno, pitani ku bandi. Muzipatula gawo la ndalama za siteji iliyonse kuti zikalipire situdiyo.

Ngati nyimbo yanu yayamba kale kuyenda yokha, mafoni akulira ndipo simukutha kusamala mavidiyo, mawayilesi ndi maulendo nokha, nthawi yokambirana ndi kampani yakwana, chifukwa tsopano muli ndi chogulitsa. Pemphani mgwirizano waufupi, wa chimbale chimodzi kapena zaka ziwiri, ndipo gawo lanu la wopeka likhale kunja kwake. Ngati simunatulutsepo nyimbo ndipo wina akukupatsani pepala la zaka zisanu, dikirani. Mwina chimene mukusowa ndi manijala wolandira gawo pa zimene wakupezerani, osati kampani yotenga master.

Ngati mumalemba bwino koma kamera ndi siteji zimakudetsani nkhawa, kapena banja ndi mpingo wanu sizingalole moyo wa usiku, pekerani ena. Yambani ndi mapulodyusa awiri kapena atatu a m'dera lanu, muwatumizire nyimbo zojambulidwa ndi mawu ndi gitala chabe, mutalemba kale tsiku ndi dzina lanu pa iliyonse.